Albariño: vinyo woyera wobadwira m'mvula ya ku Galicia

Anthu ambiri akamva za Spain amaganiza za dzuwa lowotcha, nthaka yofiira yong'ambika ndi minda ya azitona. Mbali yaikulu ya dzikolo ilidi choncho. Koma kumpoto chakumadzulo, pamwamba pa Portugal, kuli chigawo cha Galicia chomwe n'chobiriwira chaka chonse. Kumeneko nyanja ya Atlantic inalowa m'zigwa za mitsinje n'kupanga timikono tataliatali ta madzi amchere tolowerera kumtunda, timene eni ake amatitcha rías. Timikono ta kum'mwera ndi timene timatchedwa Rías Baixas, ndipo dzina lomweli ndi la dera lovomerezeka lopanga vinyo. Kumagwa mvula pafupifupi mamilimita 1,600 pachaka, kuposa kuwirikiza katatu mvula ya ku Madrid. Vinyo woyera wosatsekemera wa Albariño, amene lero ndi wodziwika kwambiri mwa vinyo woyera wa ku Spain, amachokera m'chinyezi chimenechi.

Izi n'zodabwitsa chifukwa mpesa sugwirizana ndi mvula yambiri. Masamba akakhala onyowa kwa maola angapo kunja kukufunda, chuku chimagwira. Choopsa kwambiri ndi chija alimi a kumeneko amachitcha mildiu, chomwe chinafika ku Ulaya kuchokera ku America cha m'ma 1878: chimayamba ngati timadontho tamafuta pamwamba pa tsamba, kunsi kwake n'kumera ubweya woyera, ndipo chikafika pa maluwa kapena pa timphesa tanthete, phava lonse limauma. Palinso chuku china chotuwa chimene chimawoletsa mphesa zikatsala pang'ono kupsa. Mlimi wa ku Rías Baixas amalimbana ndi zimenezi kuyambira April mpaka September, ndipo pafupifupi chilichonse chimene munthu amamva m'kapu ya Albariño chimachokera m'nkhondo imeneyi.

Chida choyamba ndi mphesayo, imene dzina lake ndi lomwelo la vinyoyu. Albariño ili ndi zipatso zing'onozing'ono, zobiriwira mopita ku chikasu, za khungu lochindikala ndiponso njere zambiri. Khungu lotere siling'ambika msanga mvula ikagwa mphesa zitatupa, choncho kuwola sikulowa wamba. Komanso m'khungu ndi mmene mumakhala fungo la mphesa, ndiye mphesa ya khungu lambiri ndi madzi ochepa imapereka vinyo wonunkhira. Kuipa kwake n'kwakuti pofinya madzi amatuluka ochepa, ndipo ukafinya mopyola, khungu ndi njere zimatulutsa kuwawa.

Chida chachiwiri ndi nsanja. Ku madera ambiri a dziko lapansi mipesa imakhala m'mizere yofika m'chiuno kapena m'chifuwa. Ku Rías Baixas mpesa amaukweza m'mwamba pafupifupi mamita 2, n'kuuyala pa mawaya mopingasa, kotero kuti munda wonse umakhala ngati uli ndi denga la masamba. Nsanja imeneyi amati parra. Mizati yake si yamitengo, chifukwa mtengo ukhoza kuwola m'zaka zochepa. Ndi miyala ya granite yosemedwa, yaitali kuposa munthu, yozikidwa m'nthaka, ina yomera ndere chifukwa cha kukhalitsa. Ukalowa pansi pa nsanja mu August, mapava amalendewera pamutu pako, kutali ndi dothi lonyowa, ndipo mphepo yochokera kunyanja imadutsa pansi pake n'kumaumitsa mame a m'mawa. Kale panalinso chifukwa china: banja lokhala ndi kamunda kamodzi linkadzala kabichi, mbatata ya kachewere kapena chimanga pansi, mphesa pamwamba, ndipo nkhuku zinkasakasaka momwemo.

Nthaka nayo imathandiza. Mwala wa granite ukafumbutuka umasanduka mchenga wokhakhala umene Agalisiya amautcha xabre. Susunga madzi. Mvula imagwa yambiri koma imalowa pansi mofulumira, mizu siikhala m'thope. Ndi nthaka yosauka, ya asidi, ndipo kusauka kwakeko kumachepetsa liwiro la mpesa umene pa mvula yotere ukanangobiriwira masamba okhaokha.

Zonsezi sizikwanira, ndipo nkhaniyi siyenera kubisidwa. Alimi amapopera mankhwala a chuku kangapo pa nyengo imodzi, kuposa anzawo a kumadera ouma a Spain. Ena mwa mankhwalawo ndi a kopa, ochokera ku msakanizo wa kopa ndi laimu umene katswiri wa zomera Millardet anaufalitsa ku Bordeaux, m'dziko la France, mu 1885. Kopa satha m'nthaka, amangounjikana. N'chifukwa chake ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala a m'fakitale ndi wosowa kwambiri m'derali, ndipo amene amauyesa amadziwa kuti chaka cha mvula yoopsa akhoza kutaya gawo lalikulu la zokolola. Ine ndimaona kuti funso lalikulu la tsogolo la Albariño lili pamenepa, osati pa malonda.

Chinthu china chimene chimaumba vinyoyu ndi kagawidwe ka malo. Ku Galicia mwambo wogawira ana munda unachititsa kuti minda izingoduka mbadwo uliwonse. Lero dera lonse la Rías Baixas lili ndi mahekitala opitirira 4,000 a mphesa, koma ali m'manja mwa alimi pafupifupi 5,000 ndipo ndi ogawika m'timinda toposa 20,000. Mlimi wamba alibe ngakhale hekitala imodzi, ndipo kachidutswa kake kamakhala apa, kena kuseri kwa tchalitchi, kena kutsidya kwa msewu. Ambiri ali ndi ntchito zina, kunyanja, m'mafakitale a nsomba za m'zitini kapena m'tauni ya Pontevedra ndi Vigo, ndipo mphesa amazisamalira madzulo ndi Loweruka. Makina okolola sangalowe pansi pa nsanja, ndiye kukolola n'kwa manja. Mu September abale ndi anansi amasonkhana, manja ali m'mwamba tsiku lonse, aafupi ataima pa mabokosi apulasitiki ovundikira, sizasi ikulira, madzi a mphesa akuyenderera mpaka m'zigongono. Mphesa zimaikidwa m'mabokosi ang'onoang'ono kuti zapansi zisaphwanyike ndi kulemera kwa zinzake, chifukwa madzi akangotuluka pa mpweya amayamba kuda ndi kutaya fungo. Ntchito imeneyi ndi imene imachititsa kuti Albariño asakhale wotchipa ngati vinyo wa ku La Mancha, kumene minda ndi yaikulu, youma, yokololedwa ndi makina.

Mlimi wa kamunda kotere sangagule matanki ndi makina ofinyira payekha. Ambiri amagulitsa mphesa ku makampani kapena ali m'makopaletivi. Martín Códax, ya ku Cambados, inayamba mu 1986, ndipo Condes de Albarei inabwera mu 1988. Makopaletivi amenewa ndi amene anasonkhanitsa mphesa za mabanja mazanamazana n'kupanga vinyo wokwanira kutumiza kunja.

Za chiyambi cha mphesayi, kwa nthawi yaitali anthu ankafotokoza kuti inabwera ndi amonke ochokera ku France m'zaka za m'ma 1100, kudzera m'njira ya aulendo opita ku Santiago de Compostela, ndipo ena ankati ndi m'bale wa mphesa ya Riesling ya ku mtsinje wa Rhine. Nyumba ya amonke ya Armenteira, pafupi ndi Cambados, imatchulidwa kawirikawiri m'nkhaniyi. Kafukufuku wa DNA sanagwirizane nazo. Albariño ndi mphesa ya kumeneko komweko, kumpoto chakumadzulo kwa Iberia (dera la Spain ndi Portugal), ndipo tsidya lina la mtsinje wa Miño, ku Monção ndi Melgaço m'dziko la Portugal, ikulimidwa kuyambira kale pa dzina la Alvarinho. Amonkewo anathandiza pa kalimidwe ndi kasungidwe ka vinyo, koma mphesayo anaipeza.

Ngakhale ndi yakale choncho, kutchuka kwake n'kwa posachedwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kachirombo ka phylloxera, kamene kamayamwa mizu ya mpesa, kanawononga minda ya ku Ulaya. Mankhwala ake anali kumezanitsa mipesa ya ku Ulaya pa tsinde la mipesa ya ku America, ndipo alimi ambiri a ku Galicia anangodzala mitundu yosakanizidwa yobereka kwambiri, yopereka vinyo wamba womwera pakhomo. Albariño inatsala m'minda ya nyumba zikuluzikulu ndi m'makona a minda ya anthu, ngati vinyo wa pa chikondwerero. Nyumba yopanga vinyo ya Palacio de Fefiñanes ku Cambados inayamba kumuika m'mabotolo pa dzina lake mu 1928. Mu 1953 mpikisano wa anthu ochepa ofuna kuona yemwe ali ndi Albariño wabwino unabala Festa do Albariño, chikondwerero chimene mpaka lero chimachitika ku Cambados kumayambiriro kwa August. Lamulo loteteza dzina la Albariño linabwera mu 1980. Spain italowa m'bungwe la mayiko a ku Ulaya mu 1986, panafunika kuti dzina lotetezedwa likhale la dera osati la mphesa, ndipo mu 1988 panakhazikitsidwa dzina lotetezedwa la deralo, Denominación de Origen Rías Baixas. Inayamba ndi zigawo zitatu, Val do Salnés, Condado do Tea ndi O Rosal. Soutomaior inawonjezedwa mu 1996, Ribeira do Ulla mu 2000.

Zaka za m'ma 1980 zomwezo ndi pamene kunafika matanki a chitsulo chosachita dzimbiri okhala ndi zoziziritsira, ndipo amenewa ndi amene anabala Albariño amene dziko likumudziwa. Wakale uja ankawira m'migolo yamatabwa m'zipinda za pansi pa nyumba, nthawi zina ali wachimbuuzi, wowawasa kwambiri, ndipo sankapirira ulendo.

Kapangidwe kake kamayamba ndi kusankha tsiku lokolola, ndipo palibe chiganizo chachikulu kuposa chimenechi. Mphesa ikamapsa shuga amakwera, asidi amatsika. Ukafulumira, vinyo amakhala wowawasa ngati ndimu, wopanda thupi. Ukachedwa, amalemera ndi mowa n'kutaya kuthwa kwake, ndiponso mvula ya kumapeto kwa September ikhoza kukupeza mphesa zili m'munda. Opanga vinyo amayenda m'timinda tsiku ndi tsiku, kuyeza shuga ndi asidi, kutafuna khungu ndi njere, uku akuyang'ana mitambo ya kunyanja.

Mphesa zikafika, ambiri amachotsa timitengo ta phava n'kuziziziritsa. Ena amasiya madzi ndi makungu pamodzi kwa maola angapo pozizira kuti fungo la m'khungu lilowe m'madzi. Kenako amafinya ndi makina okhala ndi chibaluni chachikulu mkati, chimene chimatupa pang'onopang'ono n'kukanikiza mphesa osaphwanya njere. Madzi oyamba kutuluka ndi abwino koposa, otsiriza amawapatula. Apa ndi pamene vinyo woyera amasiyana ndi wofiira: wofiira amawira ndi makungu ake, woyera amawira madzi okhaokha. Madziwo amawasiya usiku umodzi kapena uwiri pozizira kuti zinyalala zidikhe, oyera n'kuwasamutsira m'tanki ina.

Tsopano yisiti imayamba ntchito. Imadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya wa carbon dioxide. Pa lita imodzi, magalamu pafupifupi 17 a shuga amapereka peresenti imodzi ya mowa, ndiye madzi a mphesa okhala ndi magalamu opitirira pang'ono 200 pa lita amathera pa 12 kapena 13 peresenti, umene ndi mlingo wa Albariño ambiri. Kuwira kumatulutsa kutentha, ndipo kutentha kumathamangitsa fungo, n'chifukwa chake amasunga tanki pa madigiri 16 mpaka 18 kwa masabata awiri kapena atatu. Ena amagula yisiti yosankhidwa, ena amadalira ya m'munda mwawo. Vinyo amatchedwa seco, wosatsekemera, yisiti ikamaliza pafupifupi shuga yense. Malamulo a ku Ulaya amalola magalamu osapitirira 4 pa lita, kapena mpaka 9 ngati asidi ndi wochuluka mokwanira kumubisa. Apa anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa Albariño amanunkhira pichesi ndi maluwa, mphuno n'kuuza lilime kuti kukubwera chotsekemera. Fungo si shuga. Ukameza, pakamwa pamatsala poyera, malovu akutuluka m'mbali mwa lilime.

Malovu amenewo ndi ntchito ya asidi, ndipo asidi ndiye msana wa vinyoyu. M'dera lozizira ndi la mitambo mphesa imasunga asidi wambiri wa malic, yemwe amapezekanso mu apulo wosapsa. Pali tizilombo ta bakiteriya timene timasandutsa asidi ameneyu kukhala wa lactic, yemwe ndi uja wa m'chambiko, wowawasa mofewa. Wopanga vinyo amasankha: kuletsa kusinthaku ndi kuzizira komanso salufa pang'ono kuti vinyo akhale wakuthwa, kukulola m'matanki onse kuti afewe, kapena kukulola m'matanki ochepa n'kusakaniza. Chaka chozizira ambiri amalola pang'ono. Zaka zotentha, zomwe zikuchuluka masiku ano, ambiri salola n'komwe, chifukwa asidi amene kale ankamuona ngati vuto tsopano ndi chuma chofunika kuchisunga.

Kuwira kukatha, yisiti yakufa imadikha pansi pa tanki ngati phala lotuwa. Masese amenewa ena amawachotsa msanga, kusefa vinyo ndi kumuika m'botolo kumayambiriro kwa chaka chotsatira. Ena amataya okhakhala okha, osalala n'kuwasiya ndi vinyo kwa miyezi, nthawi zina akuwatakasa. Yisitiyo ikamasweka imatulutsa zinthu zimene zimapatsa vinyo thupi ndi kusalala, komanso imamuteteza ku mpweya. Pa botolo amalemba sobre lías. Kwa ine apa ndi pamene Albariño amaonetsa kukula kwake. Kwa zaka zambiri ankanenedwa kuti ndi vinyo womwa chaka chomwecho, ndipo m'malesitilanti a ku Spain anthu ankabweza botolo la chaka chapita. Kampani ya vinyo ya Pazo de Señoráns, ya Marisol Bueno amene anatsogoleranso bungwe loyang'anira derali kwa zaka zambiri, inatsutsa maganizo amenewa ndi vinyo wake wa Selección de Añada, amene amakhala pa masese m'tanki yachitsulo kwa miyezi yoposa 30 n'kugulitsidwa patapita zaka zingapo. Vinyo wotere amasintha mtundu kukhala wagolide, fungo la pichesi limacheperako, m'malo mwake mumabwera la uchi, khungu louma la lalanje ndi mtedza, koma asidi uja amakhala adakali chilili. Gerardo Méndez wa kampani ya Do Ferreiro nayenso amapanga vinyo wotchedwa Cepas Vellas kuchokera ku mipesa ya zaka zoposa 200. Migolo yatsopano ya mtengo wa oak inayesedwa, koma kawirikawiri thabwa limaphimba mphesa. Amene akugwiritsa ntchito matabwa lero amakonda migolo ikuluikulu yakale yomwe siperekanso fungo lake.

M'kapu, Albariño wamng'ono ndi wachikasu chofuwira chokhala ndi kubiriwira pang'ono. Amanunkhira ndimu, manyumwa, apulo, pichesi ndi maluwa oyera. Nthawi zina amathetheka pang'ono pa lilime chifukwa cha mpweya wotsalira pa kuwira. Kumapeto kumakhala kakuwawa kochepa kochokera m'khungu lochindikala lija, ndipo kamathandiza kuti vinyo asatopetse. Zigawo zimasiyana. Val do Salnés, chigawo chachikulu, chozizira ndi chonyowa kuposa zonse, chimapereka vinyo wakuthwa kwambiri. Condado do Tea ili kumtunda m'mbali mwa Miño, kumatentha, ndipo vinyo wake ndi wonenepa, kawirikawiri wosakaniza ndi mphesa ya Treixadura. Ku O Rosal, kumene Miño amathira m'nyanja, amasakaniza ndi Loureira ndi Caíño Blanco, fungo la maluwa ndi zitsamba n'kumveka kwambiri. Botolo lolembedwa Rías Baixas Albariño liyenera kukhala la Albariño yekhayekha.

Pafupifupi aliyense wolemba za vinyoyu amatchula kukoma kwa mchere, ndipo ogulitsa amakonda kunena kuti ukumwa nyanja ndi mwala wa granite. Kumva kwa mchereko kulipodi, makamaka mu vinyo wa minda yoyandikana ndi madzi. Koma mwala sulowa m'mphesa ngati kukoma. Mizu imatenga madzi ndi michere yochepa kwambiri, yosakwana kuti lilime liizindikire ngati mwala. Chimene nthaka ndi nyanja zimachita n'kulamula madzi amene mpesa umapeza, kuzizira kwa usiku ndi liwiro la kupsa, ndipo zimenezi ndi zimene zimapereka asidi wambiri ndi zipatso zosapsa mopyola. Vinyo wopanda shuga, wa asidi wambiri, amene wakhala pa masese, pakamwa amamveka ngati wamchere. Kufotokoza koteroko sikuchepetsa ulemu wa dera. Kumangoika ulemuwo pa nyengo ndi pa manja a alimi.

Ndi chakudya cha kumeneko amagwirizana mosachita kufunsa. M'madzi a Ría de Arousa, moyang'anana ndi minda ya Salnés, mumayandama nsanja zamatabwa zotchedwa bateas, zokhala ndi zingwe zolendewera m'madzi pomwe amawetapo nkhono za m'nyanja. Nkhonozo, nkhanu, nsomba yowotcha ndi octopus (nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu) yowiritsa yothira mafuta a azitona, mchere ndi paprika zimafuna chakumwa chowawasa chotsuka mafuta pakamwa. Amamwedwa wozizira, madigiri 8 mpaka 10, koma osati wozizira kwambiri chifukwa fungo limatsekeka. M'midzi mudakali mwambo wa furancho: banja limene latsala ndi vinyo wopitirira womwa pakhomo limaloledwa kumugulitsa kunyumba kwa miyezi yochepa pachaka, pamodzi ndi tizakudya tochepa. Chizindikiro chake ndi nthambi ya mtengo wa laurel yopachikidwa pakhomo. Vinyo wake amathiridwa m'timbale toyera tadothi totchedwa cuncas, m'galaja kapena pansi pa nsanja ya mpesa.

Kutchuka kwabweretsa zake. United States ndiye msika waukulu wakunja, Britain ikutsatira, ndipo makampani akuluakulu a ku Rioja ndi madera ena a Spain agula minda ndi mafakitale m'derali. Zaka zina zokolola zimapitirira makilogalamu 40 miliyoni. Lamulo limalola makilogalamu 12,000 a Albariño pa hekitala, umene ndi mlingo wokwera, ndipo mlimi wolipidwa pa kilogalamu alibe chifukwa chochepetsera zipatso. Zotsatira zake ndi mabotolo ambiri ofanana, onunkhira chinanazi cha yisiti yogula, opyapyala pakati, okoma koma osakumbukika. Wofuna kumva kusiyana ayang'ane dzina la chigawo kapena la munda pa botolo, mawu oti sobre lías, ndipo asaope chaka chakale ndi ziwiri kapena zitatu.

Mphesayi yayendanso. Ikulimidwa ku California, ku New Zealand ndi ku Uruguay, dziko lina lachinyezi la m'mbali mwa Atlantic kumene Agalisiya ambiri anasamukira. Ku South Africa, makampani a Newton Johnson ku Hemel-en-Aarde ndi Springfield ku Robertson amapanga Albariño wawo, kotero okhala ku Cape Town kapena Johannesburg akhoza kumupeza mosavuta kuposa wa ku Galicia. Ku Bordeaux, komwe malamulo a mitundu ya mphesa ndi okhwima, mu 2021 anavomereza kuti Alvarinho adzalidwe pang'ono poyesa mitundu yopirira kusintha kwa nyengo. Ku Australia zinavuta: alimi anadzala mipesa imene ankaiyesa Albariño, vinyo n'kuyamba kugulitsidwa pa dzinalo, mpaka mu 2009 kuyeza kwa DNA kunaonetsa kuti inali Savagnin, mphesa ya ku Jura m'dziko la France, imene inasokonezedwa dzina m'nkhokwe ya mbewu ku Spain isanatumizidwe. Anasintha zolemba pa mabotolo, ndipo ofuna Albariño weniweni anaitanitsa mbewu zina n'kudzala mwatsopano.